Bambo Michael Kelly ndi Mbiri ya Kupima Kuwerenga mu Zambia

Inu aphunzitsi a magiredi oyamba, m'buku lino mupeza mapepala a mayeso a kuwerenga, mizere yolembamo maina a ana, ndi malangizo a kamvetseredwe ka mwana aliyense payekha. Ambiri a inu mumaona nchito imeneyi ngati mtolo woonjezera pa mutu wosenza kale. Kalasi ndi yodzaza, nthawi ndi yocepa, ndipo a ku ofesi ya DEBS afuna manambala pa tsiku lake. Conco ndi bwino mudziwe kumene mwambo wopima kuwerenga unacokera, ndiponso zimene zinali kucitika m'masukulu athu usanabwere.

Mbiriyi tiilondola potsata nchito ya munthu mmodzi, Profesa Michael J. Kelly, amene ambiri anali kuwachula kuti Bambo Kelly cifukwa anali wansembe. Zitsanzo tizitenga ku Kafue Estates, pakuti malo amenewa aonetsa bwino mavuto amene opanga mfundo za maphunziro analimbana nao.

M'Cinyanja liu lakuti "kuwerenga" lili ndi matanthauzo awiri. Timawerenga ng'ombe m'khola, timawerenganso kalata. Kwa zaka zambiri dziko lathu linali kuwerenga ana: angati alembetsa, angati akhala pa mayeso, angati apita ku sekondale. Nchito ya Bambo Kelly ndi anzao inatikakamiza kufunsa funso lina lija: kodi anawo akuwerenga?

Wamasamu wocokera ku Tullamore

Michael Kelly anabadwa mu 1929 m'tauni ya Tullamore ku Ireland. Analowa m'gulu la ansembe a Jesuit mu 1946, ndipo mu 1952 anatenga digiri ya masamu pa University College Dublin. Anafika m'dziko muno mu 1955, dziko likuchedwa Northern Rhodesia, natumizidwa ku Chikuni, kufupi ndi Chisekesi m'boma la Monze. Kumeneko anakhala pakati pa anthu olankhula Citonga ndi kuphunzitsa pa sukulu ya sekondale ya Canisius. Anabwerera ku Ireland kukamaliza maphunziro a unsembe, nadzozedwa mu 1961, kenaka anabweranso ku Canisius kumene anakhala mkulu wa sukulu kwa zaka zingapo. Pambuyo pake anatenga unzika wa Zambia.

Mu 1974 anamaliza digiri ya PhD yokhudza kakulidwe ka maganizo a ana ndi kaphunziridwe kao. Analowa nchito pa Yunivesite ya Zambia, ndipo mu 1975 anakhala mkulu wa Sukulu ya Zamaphunziro. Anakhalaponso waciwiri kwa mkulu wa yunivesite yonse, ndipo mu 1989 anakhala profesa.

Zinthu zitatu izi, masamu, kalasi ndi maphunziro a maganizo a mwana, ndizo zinaumba kagwiridwe kao ka nchito. Wamasamu safulumira kukhulupirira mau okoma asanaone ciwerengero. Munthu amene anaimapo pa bolodi amadziwa kuti ciwerengero ciliconse cili ndi nkhope ndi dzina. Ndipo wophunzira za maganizo a ana amadziwa kuti mwana akhoza kubwereza mau bwinobwino osamva kanthu.

Zaka za ufulu ndi cisankho ca Cingerezi

Pomwe Zambia inalandira ufulu mu 1964, anthu akuda okhala ndi digiri anali pafupifupi 100 cabe m'dziko lonse. Boma latsopano linafuna aphunzitsi, anamwino, makalaliki ndi amisiri mwamsanga. Linamanga masukulu ambiri, ndipo mu 1966 Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa. Pa nthawiyo kuwerenga mitu ya ana kunali ndi cifukwa comveka, popeza vuto loonekera linali kusowa kwa malo m'sukulu.

Kafue Estates ndi mwana wa nthawi yomweyo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linakonza zoti tauni ya Kafue, makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, ikhale malo a mafakitale. Kunabwera fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, ndipo mu 1970 kunatsegulidwa fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia. Nyumba za ku Estates zinamangidwira anchito a m'mafakitalewa. Anchitowo anacokera kulikonse: ku Chipata, ku Kasama, ku Mongu, ku Monze, ku Solwezi. M'kalasi imodzi munakhala mwana wolankhula Cinsenga kwao, wina Cibemba, wina Cilozi, wina Citonga.

Kalasi yotere ndiyo inali m'maganizo a atsogoleri posankha cilankhulo ca sukulu. Kale, m'masukulu a amishoni, mwana anali kuyamba kuphunzira m'cilankhulo ca m'dera, Cingerezi cikubwera pang'onopang'ono. Koma gulu la akatswiri a UNESCO lotsogozedwa ndi W. C. Radford wa ku Australia, lomwe linayendera dziko lino ufulu usanafike, linalangiza kuti Cingerezi ciyambire pa ciyambi. Boma linabvomera, nduna ya maphunziro ali a John Mwanakatwe, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linatsegula njira yoti mwana aphunzire zonse m'Cingerezi kuyambira Giredi 1. Mabuku a Zambia Primary Course analembedwa potsata mfundo imeneyi.

Musawaweruze mofulumira anthu amenewa. Anafuna dziko limodzi, ndipo anaopa kuti zilankhulo zigawa mitundu. Anafunanso kuti mphunzitsi wa ku Mongu athe kutumizidwa ku Kafue, ndi kuti mwana wa wanchito wosamutsidwa asavutike pa sukulu yatsopano. Ngakhale cikalata ca kusintha maphunziro ca 1977 cinabvomereza kuti mwana amaphunzira bwino m'cilankhulo cimene amadziwa, koma cinasiya Cingerezi pa malo pake, cikuchula kusakanizika kwa zilankhulo m'matauni ndi kusowa kwa mabuku. Cimene cinasowa pa zaka zonsezi ndi umboni. Panalibe njira yokhazikika yodziwira ngati mwana wa Giredi 3 amamva zimene akuchula.

Mudzafunsa kuti, nanga mayeso a Giredi 7? Mayeso amenewo nchito yao inali kusankha. Malo a ku sekondale anali ocepa, conco mayeso anali kuika ana pa mzere ndi kudula pomwe malo athera. Sefa imakuuzani ufa umene wadutsa, koma siikuuzani cifukwa cake gaga waculuka. Komanso mayesowo amabwera patapita zaka zisanu ndi ziwiri, nthawi yothandiza mwana itatha kale.

Mkuwa utagwa mtengo

Mu 1975, caka comwe Bambo Kelly anayamba kutsogolera Sukulu ya Zamaphunziro, mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri pa msika wa dziko lonse, mtengo wa mafuta utakwera kale. Ndalama za boma zinacepa pomwe ana anali kuculuka. Ndalama zimene zinalipo zinathera ku malipiro, ndipo za mabuku, coko ndi madesiki zinatsala zocepa zedi. M'matauni masukulu ambiri anayamba kuphunzitsa magulu awiri kapena atatu pa tsiku m'cipinda cimodzi, nthawi ya mwana m'kalasi nkufupika.

Boma linapempha akatswiri a pa yunivesite kuti aunike mmene zolinga za 1977 zingakwaniritsidwire pa cuma cotere. Bambo Kelly anatsogolera nchitoyo, ndipo lipoti lake, The Provision of Education for All, linatuluka mu 1986. Mu 1991 World Bank inasindikiza buku lao lochedwa Education in a Declining Economy, lofotokoza za Zambia kuyambira 1975 kufika 1985. M'zolemba izi anaika pamodzi kuculuka kwa anthu, ndalama zogwera mwana mmodzi, ndi zimene zatsala m'kalasi. Anaonetsa kuti dziko likhoza kupitiriza kulembetsa ana ambiri pomwe maphunziro eni ake akufota mkati.

Mu Marichi 1990 maiko anasonkhana ku Jomtien ku Thailand pa msonkhano wa Maphunziro kwa Onse. Imodzi mwa mfundo zazikulu za kumeneko inali yakuti cofunika ndi zimene mwana waphunziradi, kuposa kungokhala m'kaundula. Kuno kwathu, boma litasintha mu 1991, kunatuluka cikalata ca Focus on Learning mu 1992, ndipo Bambo Kelly anathandiza kwambiri pa kalembedwe kake. Dzina lake lenilenilo likuloza kumene maso anayenera kutembenukira: ku kuphunzira. Cikalataco cinalangiza kuti cilankhulo ca m'dera cikhale cophunzitsira kuyambira Giredi 1 kufika Giredi 4. Langizolo silinatsatidwe pa nthawiyo. Mau okha sanakwane kusuntha mwambo wa zaka zoposa makumi awiri.

Manambala amene anadzidzimutsa dziko

Cimene cinasuntha zinthu ndi kupima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Eddie Williams wa ku University of Reading ku England anapima kuwerenga kwa ana a pulaimale ku Zambia ndi ku Malawi. Kufanizira maiko awiriwa kunali kwanzeru. Ana a ku Lusaka ndi a ku Cigawo ca Kum'mawa amaphunzira Cinyanja, ana a ku Malawi amaphunzira Cicewa, ndipo ziwirizi ndi cilankhulo cimodzi. Kusiyana kunali pa mfundo za sukulu. Ku Malawi ana anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, pomwe ku Zambia anali kuyamba ndi Cingerezi.

Munthu akanaganiza kuti ana a ku Zambia apambana kutali pa Cingerezi. Sizinatero. Pa Cingerezi magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni, ndipo onse anali ofooka. Koma pa kuwerenga cilankhulo cao, ana a ku Malawi anawasiya kutali anzao a ku Zambia. Tanthauzo lake linali lowawa: tinataya kuwerenga kwa Cinyanja pofuna Cingerezi, ndipo Cingerezico sitinacipeze.

Mu 1995 Zambia inalowa m'kafukufuku woyamba wa SACMEQ, bungwe la maiko a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa loyang'anira ubwino wa maphunziro. Anapima ana a Giredi 6 m'dziko lonse. Lipoti la Zambia analemba ndi a Manasseh Nkamba ndi a Joe Kanyika, ndipo linatuluka mu 1998. Linaonetsa kuti mwana mmodzi cabe mwa anai aliwonse ndiye anafika pa mlingo wocepetsetsa wa kuwerenga, ndipo ofika pa mlingo wofunikira sanakwane atatu pa ana 100. Milingo imeneyi sanaiike ndi alendo. Anaiika ndi akatswiri a kuwerenga a m'dziko muno.

Taganizirani kalasi ya Giredi 6 ya ana 60. Mwa ciwerengero cimeneci, ana 45 anali atakhala pa sukulu zaka zisanu ndi cimodzi, atavala yunifomu, makolo atalipira ndalama za PTA, koma osatha kuwerenga ndime yosavuta ndi kuimva. M'kaundula onsewo anali ophunzira. Aphunzitsi ao sanali aulesi onse. Ana anali kuimba ziganizo pamodzi motsatira mphunzitsi, kukopera za pa bolodi mwaukhondo, ndipo kalasi inali kumveka ngati ikuphunzira.

Kucokera pa pepala kufika m'kalasi

Mu 1995 kunacitika msonkhano waukulu wa za kuwerenga mu Lusaka, ndipo mu 1996 boma linatulutsa mfundo za maphunziro zochedwa Educating Our Future, zimene Bambo Kelly anatengakonso mbali pozikonza. Cikalataci cinapeza njira ya pakati. Cingerezi cinakhalabe cophunzitsira maphunziro ena, koma mwana anapatsidwa mwai woyamba kuwerenga ndi kulemba m'cilankhulo ca Zambia.

Kucokera apa kunabadwa Primary Reading Programme, yomwe inayenda kuyambira 1999 kufika 2005 mothandizidwa ndi boma la Britain. Njira ya Breakthrough to Literacy, yocokera ku Molteno Project ya ku South Africa, inayesedwa koyamba m'Cibemba ku Cigawo ca Kumpoto mu 1998. Itakonzedwa kuti igwirizane ndi masukulu athu inachedwa New Breakthrough to Literacy, ndipo inafika m'makalasi a Giredi 1 a dziko lonse mu 2003, m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Ku Giredi 2 kunali Step In To English, ndipo ku Giredi 3 mpaka 7 kunali Read On Course. Aphunzitsi akale pa sukulu panu akukumbukira makadi a mau ndi timabuku ta nkhani ta nthawi imeneyo.

Nchitoyi isanafalikire, panafunika kudziwa pomwe ana ali, kuti mtsogolo mudzadziwike ngati pali kusintha. Bambo Kelly ndiwo analemba lipoti la kupima koyambirira kumeneku, Reading Comes First, lomwe linatuluka mu 2000. Linapeza kuti ana anali kuwerenga Cingerezi ngati a magiredi awiri kumbuyo kwao, ndipo pa zilankhulo za Zambia anali magiredi atatu kumbuyo. Ndiye kuti mwana wa Giredi 5 anali kuwerenga Cinyanja monga mmene wa Giredi 2 ayenera kuwerengera. Pomwe ana a njira yatsopano anapimidwa pambuyo pake, kukwera kwao kunaoneka poyera cifukwa panali poyerekezera.

Pa nthawi yomweyo, mu 1999, Zambia inacita kupima kwake koyamba kwa dziko lonse, pa Giredi 5, mogwirizana ndi bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia. Lipoti lake analemba ndi Bambo Kelly pamodzi ndi a Joe Kanyika. Kupima kotere kumasiyana ndi mayeso a Giredi 7. Sapima ana onse, amatenga masukulu osankhidwa mwacisawawa kuti aimire dziko lonse. Palibe mwana amene amapambana kapena kulephera, ndipo palibe amene amalandira setifiketi. Copimidwa ndi sukulu zathu, osati mwana. Amafunsanso za mabuku, za mtunda wopita ku sukulu, za nchito ya kunyumba ndi za mphunzitsi, kuti zotsatira zikhale ndi cifukwa cake. Zotsatira za 1999 zinagwirizana ndi za SACMEQ: ana ambiri sanafike pa mlingo wocepetsetsa. Kupimaku kunabwerezedwa m'zaka zotsatira ndipo kunakhala mwambo wa Unduna wa Zamaphunziro.

Mutu umodzi susenza denga. Bambo Kelly sanagwire nchitoyi okha, ndipo maina a a Kanyika, a Nkamba ndi anchito ambiri a mu unduna, a ku bungwe la mayeso ndi a kuno ku likulu lokonza maphunziro ayenera kukumbukiridwa pamodzi nao. Mbali yao yapadera inali kulumikiza zinthu zitatu zimene kawirikawiri zimayenda padera: mbiri, manambala ndi mfundo za boma. Mu 1999 anatulutsa buku la The Origins and Development of Education in Zambia, limene ophunzira uphunzitsi ambiri aliwerenga m'makoleji ndi pa yunivesite. Anadziwa kumene tinacokera, anapima pomwe tili, ndipo analemba m'mau amene nduna ndi mphunzitsi akanamva.

Zaka zomaliza

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anali kutenga aphunzitsi ndi makolo ambiri. Makalasi anatsala opanda mphunzitsi, ndipo ana amasiye anasiya sukulu kapena kubwera ndi njala ndi cisoni. Bambo Kelly anatembenukira ku vutoli ndi maso omwe aja. Mu 2000 bungwe la UNESCO linasindikiza kabuku kao kochedwa Planning for Education in the Context of HIV/AIDS, kofotokoza mmene mliriwo ukuonongera sukulu ndiponso mmene sukulu ingatetezere ana, makamaka atsikana. Nchito imeneyi inawadziwitsa ku maiko ambiri, ndipo kuyambira 2006 boma la Ireland linakhazikitsa nkhani ya caka ndi caka yochedwa ndi dzina lao. Anamwalira mu Lusaka mu Januwale 2021 ali ndi zaka 91.

Nkhondo ya kuwerenga sinathe ndi Primary Reading Programme. Caka cimodzi ca kuwerenga m'cilankhulo ca m'dera cinaoneka kuti ncosakwanira. Zipangizo zinali zodula kuzibwezeretsa zikatha, thandizo la ndalama linafika kumapeto, ndipo aphunzitsi ophunzitsidwa njirayo anasamuka kapena kupuma. Mu 2013 unduna unatulutsa National Literacy Framework, ndipo kuyambira 2014 Primary Literacy Programme inayamba ndi Giredi 1, cilankhulo codziwika kwa ana cikukhala cophunzitsira mpaka Giredi 4. Njirayi imayamba ndi mamvekedwe a zilembo: a, e, i, o, u, kenaka maphatikizo, mau ndi ziganizo.

Caka comweco ca 2014 ana a Giredi 2 anapimidwa m'zilankhulo zonse zisanu ndi ziwiri ndi njira ya EGRA, momwe mwana amakhala ndi wopima payekha ndi kuwerenga mokweza kwa mphindi imodzi. Oposa theka sanathe kuwerenga ngakhale liu limodzi la m'kankhani. Mu 2016 kunayamba kuyesedwa Catch Up ku Cigawo ca Kum'mawa ndi ca Kumwera, njira yocokera ku bungwe la Pratham la ku India, yoika ana a Giredi 3 mpaka 5 m'magulu molingana ndi pomwe afika pa kuwerenga, osati molingana ndi giredi. Mu Januwale 2022 maphunziro aulere anafika mpaka Giredi 12, makalasi nkudzazanso. Ndondomeko ya maphunziro ya 2023, yomwe inayamba kugwira nchito mu 2025, yasinthanso zingapo, kuphatikizapo zaka za pulaimale ndi malo a Cingerezi.

Mukaona mndandanda wa zakazi, 1966, 1977, 1992, 1996, 2013, 2023, muona kuti mfundo ya cilankhulo yatembenuka kangapo. Mphunzitsi sasankha mfundo za dziko. Koma pa mfundo iriyonse, cimene cinaulula coona cinali cimodzi: munthu kukhala pansi ndi mwana ndi kumumvetsera akuwerenga.

Zimene mbiriyi ikutanthauza m'kalasi mwanu

Kafue ya lero si ya 1970. Fakitale ya nsalu inatsekedwa, ya feteleza inacepa mphamvu, ndipo makolo ambiri a ku Estates, ku Shikoswe, ku Nangongwe ndi ku Zambia Compound amadalira malonda ang'onoang'ono, usodzi ndi maganyu. Ambiri sangakwanitse kulipira maphunziro apadera a madzulo. Mwana akapanda kuphunzira kuwerenga kwa inu, kulibe kwina kumene akakaphunzire. Mmera mpoyamba. Pa mbiri taonayi titengepo zinthu zinai.

Coyamba, musapime kalasi ndi khutu limodzi. Ana 70 akamawerenga pamodzi, mau amene mumamva ndi a ana khumi, ena akungotsatira milomo. Umu ndi mmene vuto linabisalira zaka makumi atatu. Itanani ana asanu pa tsiku, mphindi ziwiri aliyense, anzao akulemba. Pa masiku 14 a sukulu mwamva kalasi yonse. Sinthani dongosolo la mau, ndipo phimbani cithunzi, kuti mudziwe amene akuwerenga ndi amene analoweza.

Caciwiri, lembani mtundu wa colakwa, osati mamakisi okha. Boma la Kafue lili m'Cigawo ca Lusaka, conco Cinyanja ndico cilankhulo ca Zambia cimene ana amaphunzira pa sukulu, koma Cinyanja ca pa msika ndi pa bwalo la mpira cimasiyana ndi ca m'buku. Mwana akaona "madzi" nachula "manzi", kapena akaona "ndifuna" nachula "nifuna", wawerenga ndipo wamva, kenaka wabweza ku kalankhulidwe ka kwao. Ameneyu afunika kumuonetsa kusiyana kwa kalankhulidwe ndi kalembedwe. Mwana amene aona "khola" nachula "kola", kapena "phala" nachula "pala", sanagwire mamvekedwe a kh ndi ph. Wina amachula "tsopano" bwinobwino koma sadziwa tanthauzo cifukwa kwao amati "manje", ndipo mnzake wocokera tsidya la mtsinje wa Kafue madzi amawadziwa kuti "meenda". Awa afunika mau atsopano, nkhani ndi kukambirana. Ana anaiwa akhoza kupeza mamakisi ofanana, koma mankhwala ao ndi osiyana.

Cacitatu, lembani zoona. Pali ciyeso cocepetsa ciwerengero ca ana a mlingo wofiira kuti pepala lioneke bwino kwa akulu a sukulu ndi kwa oyendera. Kumbukirani kuti manambala oipa a 1995 ndi a 1999 ndiwo anabweretsa mabuku a Cinyanja m'kalasi mwanu. Akanawakometsa, palibe cikanasintha. Inunso akulu a sukulu ndi oyendera amene muwerenga buku lino, dziwani kuti mukadzudzula mphunzitsi cifukwa ca nambala yoona, temu yamawa mudzalandira nambala yabodza.

Cacinai, kupima kukhale ndi cotsatira cake. Mayeso a sabata la 5 alipo kuti musinthe kaphunzitsidwe sabata la 6. Ngati ana 20 akusokoneza b ndi d, bwererani pa zilembozo musanapite patsogolo, ngakhale ndandanda ya nchito ikukukokani. Pepala lotumizidwa ku ofesi lisanathandize mwana aliyense langowerenga mitu, monga zinali kale.

Pa msonkhano wotsatira wa gulu la aphunzitsi pa sukulu panu, aliyense abwere ndi maina a ana atatu amene sanayambe kuphatikiza zilembo, pamodzi ndi colakwa cimene aliyense amacita kawirikawiri. Kambiranani kuti ndi angati mwa iwo amene vuto lao ndi mamvekedwe, angati ndi cilankhulo, ndi angati amene amajomba kapena samva ndi kuona bwino. Gwirizanani cocita pa masabata anai, lembani tsiku, ndipo pa tsikulo muwamvetserenso anawo mmodzimmodzi.